Cisote Copaka Penti: Mbili ya Makhadi a Osewela Osinthanitsidwa

Mukaima pa Kulima Tower kuyembekeza basi, kapena kuyenda pakati pa milu ya salaula ku Soweto Market, simudzatha mphindi zisanu musanaone munthu wovala cisote ca zilembo ziwili zolukana, N na Y. Ambili amati ni dzina cabe la mzinda wa New York, ndipo sanaphonye kwenikweni. Koma cizindikilo cimeneco ni ca timu ya baseball yochedwa New York Yankees, ndipo kunali munthu wina amene anavekedwa cisote cimeneco asanacigwileko na dzanja. Anamuveka na penti.

Munthuyo anali Oscar Gamble. Mu November 1975, timu ya Cleveland Indians inamupeleka ku Yankees posinthana na woponya mpila dzina lake Pat Dobson. Kampani ya Topps, imene inali kupanga makhadi a zithunzi za osewela, inafuna kuonetsa Gamble ali m'timu yatsopano, koma cithunzi cimene inali naco cinali ca ku Cleveland. Conco wojambula wa kampaniyo anatenga kacipangizo kopopela penti, n'kufafaniza cisote cakale, n'kulembapo NY. Tsitsi la Gamble linali afro yaikulu, yotumphukila mbali zonse ziwili za kasoteko monga mitolo iwili ya thonje. Khadilo litatuluka mu 1976, linaonetsa cinthu cimene maso sanacionepo pabwalo, pakuti mwini wa Yankees, George Steinbrenner, sanali kulola tsitsi lalitali, ndipo Gamble anameta asanayambe kusewelela timuyo.

Mpaka lelo anthu amaseka akaona khadi limeneli, ndipo amalikonda ngako. Koma kumbuyo kwa nthabwalayo kuli nkhani yolema. Kwa zaka pafupi-fupi 100, wosewela baseball ku America anali kusamutsidwa kucoka mzinda wina kupita wina popanda womufunsa, ndipo kakhadi kogulidwa na ana pa shopu ndiko kanali kusunga umboni wake. Masiku ano kuli anthu amene amakhala pa kompyuta usiku wonse kupanga makhadi a maonekedwe akale a osewela amenewa, kuti atseke mipata imene makampani anasiya. Kuti timvetse cimene amavutikila, tiyambe kumene makhadiwo anacokela.

Kucoka m'paketi ya fodya kupita m'paketi ya cingamu

Baseball ni masewela a matimu awili, iliyonse ya anthu 9 pabwalo. Wina amaponya mpila wolimba, wina amaumenya na ndodo, ndipo akaumenya amathamanga kuzungulila malo anayi mpaka kubwelela pamene anayambila. Ligi yaikulu imayamba cakumapeto kwa March kapena kuciyambi kwa April, n'kutha na mpikisano wa World Series cakuma October. Timu iliyonse imasewela magemu 162 pa caka, ndiye cifukwa cake okonda masewelawa amakonda manambala monga mmene ise timakondela kukangana za zigoli.

Makhadi oyambilila anali osatsila malonda. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1860, shopu ya zamasewela ya Peck & Snyder ku New York inali kupatsa makasitomala makhadi okhala na cithunzi ca timu kutsogolo na malonda ake kumbuyo. M'zaka za m'ma 1880 makampani a fodya analowelela. Paketi ya ndudu inali yofewa, motelo anali kuikamo kakatoni kuti ndudu zisathyoke, ndipo pa kakatoniko anayamba kusindikizapo nkhope za osewela. Makhadi ochuka kwambili a nyengo ya fodya ni aja amene osonkhanitsa amawacha T206, amene American Tobacco Company inatulutsa kuyambila 1909 mpaka 1911. Pakati pake pali la Honus Wagner wa Pittsburgh Pirates, limene linaleka kusindikizidwa mwamsanga cifukwa mwini nkhope anakana. Ena amati sanafune kuti ana azigula fodya cifukwa ca iye, ena amati inali nkhani ya malipilo. Makhadi ocepa amene anatsala anasanduka cuma: limodzi linagulidwa madola 7.25 miliyoni mu 2022.

Ngakhale m'gulu limenelo vuto la osewela osamuka linaonekela kale. Ray Demmitt na Bill O'Hara ali na makhadi awili-awili, lina lolembedwa New York, lina St. Louis, cifukwa anasintha matimu makina osindikizila akali pa nchito. A St. Louis ndiwo osowa, ndipo ndiwo odula.

Fodya atacoka, cingamu cinalowa. Kampani ya Goudey inatulutsa makhadi ake mu 1933, ya Bowman inayamba mu 1948, ndipo mu 1952 Topps ya ku Brooklyn inatulutsa makhadi 407 amene Sy Berger na Woody Gelman anakonza pa thebulo ya m'khichini mwa Berger. Iwo ndiwo anakhazika maonekedwe amene tidziwa lelo: nkhope ya mitundu-mitundu, dzina, cizindikilo ca timu, ndipo kumbuyo manambala a mmene munthuyo anasewelela. Mu 1956 Topps inagula Bowman n'kutsala yokha pa msika kwa zaka zambili. Ana anali kugula paketi pa masenti 5, kutafuna cingamu, kusinthana makhadi, kucova nawo, ngakhale kuwamangilila ku masipoko a njinga kuti izilila monga mthuthuthu. Palibe amene anali kuganiza kuti khadi la Mickey Mantle la 1952 lidzagulidwa madola 12.6 miliyoni, monga zinacitikila mu August 2022.

Munthu wapita, cithunzi catsala

Apa tifunika kusiyanitsa na bola yathu. Patson Daka atacoka ku Red Bull Salzburg kupita ku Leicester City mu 2021, matimu anamvana mtengo, koma nayenso anafunika kuvomela na kusaina pangano latsopano. Mu baseball zinthu zimayenda mwina. Matimu awili amasinthana mapangano a osewela, ndipo wosewela amatsatila pepala lake kumene lapita. Kale zinali zoipilatu, cifukwa kuyambila 1879 eni matimu anali na lamulo lochedwa reserve clause, limene linali kumangilila munthu ku timu imodzi ngakhale pangano lake litatha. Akakana malipilo, panalibe timu ina ya ligi yaikulu imene akanapitako. Timu inali na mphamvu yomusunga, kumugulitsa, kumusinthanitsa kapena kumutaya.

Babe Ruth weniweniyo, katswili woposa onse wa nthawi yake, anagulitsidwa na Boston Red Sox ku Yankees kumapeto kwa 1919 pa madola 100,000. Mu 1962 Harry Chiti anatumizidwa na Cleveland ku New York Mets pa mgwilizano wakuti Mets idzapeleka wosewela wina amene adzasankhidwa pambuyo pake. Pasanathe miyezi iwili, wosankhidwayo anali Chiti yemweyo, motelo anasinthanitsidwa na iye mwini. Pa 4 August 1982, Joel Youngblood anasewelela Mets masana ku Chicago, anauzidwa gemu ili mkati kuti wapelekedwa ku Montreal Expos, anakwela ndeke, ndipo usiku womwewo anasewelela timu yatsopanoyo ku Philadelphia. M'mizinda yonse iwili anamenya mpila n'kufika pa malo oyamba osagwidwa.

Kwa opanga makhadi, zimenezi zinali kuwawitsa mutu. Zithunzi zinali kujambulidwa caka capita, kapena pa maphunzilo a kuciyambi kwa caka ku Florida na Arizona, pamene kusinthana kwambili kunali kucitika m'miyezi yozizila, ligi itatseka. Khadi likamafika pa shopu, munthu anali atavala kale jezi ina. Conco Topps inapeza macenjela. Ojambula anali kupempha wosewela kuti avule cisote amujambulenso cithunzi cina, ca nkhope cabe, cosungila tsiku limene adzacotsedwa. Ena anali kujambulidwa kucokela pansi, atakweza cibwano, kuti cioneke ni kunsi kwa mlomo wa cisote basi. Taganizilani mmene munthu anali kumvela pouzidwa kuti avule cisote, podziwa bwino cifukwa cake. Macenjela amenewa akalephela, penti inali kugwila nchito. Zisote zina zinali kungodetsedwa bii, zina kupakidwa cizindikilo catsopano cokhota, cacikulu kuposa mutu. Kampani ya O-Pee-Chee ya ku Canada, imene inali kusindikiza makhadi a Topps mocedwelako, inali kungowonjezela kamzele kouza mwana kuti munthuyu ali ku timu yakuti-yakuti manje.

Mu 1972 Topps inayesa njila ina. Makhadi anali kutuluka m'zigawo caka cili mkati, ndipo m'cigawo cothela inaikamo makhadi 7, kuyambila nambala 751 mpaka 757, odindidwa liwu lakuti TRADED pa cithunzi, monga katundu wodindidwa pa kasitomu. Anali a Steve Carlton, Joe Morgan, Denny McLain, Frank Robinson, Jim Fregosi, Rick Wise na Jose Cardenal. Carlton anacotsedwa ku St. Louis Cardinals cifukwa cokangana na eni timu pa malipilo. Caka comweco timu yake yatsopano, Philadelphia Phillies, inapambana magemu 59 cabe, ndipo 27 mwa amenewo anapambana ni iye. Fregosi, amene anapatsidwa khadi lapadela, anasinthanitsidwa na gulu la osewela anayi, mmodzi wa iwo mnyamata woponya mpila dzina lake Nolan Ryan. Fregosi sanacite zambili ku Mets. Ryan anakhala woponya amene anagwetsa omenya ambili kuposa wina aliyense m'mbili ya ligi, 5,714.

Mu 1974 na 1976 kunatuluka magulu apadela a makhadi 44 a osinthanitsidwa, ndipo la Gamble lili m'gulu la 1976, lokonzedwa monga tsamba la nyuzipepala. Mu 1974 momwemo Topps inathamangila kutsogolo kwa nkhani n'kugwa nayo. Kunamveka kuti timu yonse ya San Diego Padres isamukila ku Washington, ndipo makhadi ena a osewela ake anasindikizidwa na dzina la Washington. Ray Kroc, mkulu wa McDonald's, anagula timuyo n'kuisiya ku San Diego komweko. Ana anatsala na makhadi a timu imene sinabadwe. Kuyambila 1981, Topps inayamba kugulitsa bokosi la makhadi 132 a osinthanitsidwa na atsopano kumapeto kwa caka ciliconse.

Munthu amene anakana kupita

Pa makhadi onse onena bodza, lolema kwambili ni la Curt Flood la 1970. Limati iye ni wa Philadelphia Phillies. Flood sanasewelepo gemu olo imodzi m'timu imeneyo.

Anali munthu wakuda wobadwila ku Texas n'kukulila ku Oakland, ndipo anasewelela St. Louis Cardinals zaka 12. Anapambana nayo World Series mu 1964 na 1967, ndipo analandila mphoto ya Gold Glove, ya wogwila mpila bwino koposa pa malo ake, zaka 7 zotsatizana. Pa 7 October 1969 timuyo inamupeleka ku Philadelphia pamodzi na anzake ena. Moyo wake wonse unali ku St. Louis, ndipo Philadelphia panthawiyo inali na mbili yakuti oonelela ake amazunza osewela akuda. Flood anakana. Pa 24 December analembela kalata mkulu wa ligi, Bowie Kuhn, yokamba kuti pambuyo pa zaka zonsezo sanali kudziona monga katundu woti n'kugulidwa na kugulitsidwa iye asanafune, ndipo anapempha ufulu womvela zimene matimu ena angamupatse. Kuhn anakana, ndipo Flood anapita ku khoti.

Sanali yekha-yekha. Kuyambila 1966 bungwe la osewela linali kutsogoleledwa na Marvin Miller, amene anaphunzila nchito m'bungwe la anchito a m'mafakitale a zitsulo. Imodzi mwa nkhondo zoyambilila za Miller inali ya makhadi omwewa. Topps inali kupatsa wosewela madola 125 pa caka pa nkhope yake. Miller anauza osewela kuti aleke kusaina mapangano atsopano na kuimila makamela a kampaniyo. Mutu umodzi susenza denga: atagwilizana, Topps inagonja mu 1968, malipilo anakwela kufika madola 250, ndipo bungwelo linayamba kulandila gawo la ndalama za malonda. Zipsela za nkhondoyo zili pa makhadi a 1969, odzala na zithunzi zakale-kale na mitu yopanda zisote, maka-maka cifukwa caka cimeneco ligi inalandilanso matimu anayi atsopano.

Koma mlandu wa Flood unali woopsa kuposa wa makhadi. Miller anamucenjeza kuti mwayi wopambana ni wocepa, ndipo kuti nchito yake ingathele pomwepo. Flood anasiya malipilo a madola 90,000 pa caka n'kukhala osasewela caka conse ca 1970. Pozenga mlandu ku New York, palibe wosewela wa panthawiyo amene anabwela kudzamuikila umboni, pakuti onse anali kuopa eni matimu. Amene anabwela anali opuma kale, ndipo mmodzi wa iwo anali Jackie Robinson, amene mu 1947 anathyola cipupa cotsekela anthu akuda kunja kwa ligi yaikulu. Mu 1971 Flood anayesa kubwelela na timu ya Washington Senators, koma anasewela magemu 13 cabe n'kuleka. Mu June 1972 khoti yaikulu ya America inagamula, oweluza 5 kutsutsana na 3, kuti Flood waluza.

Ngakhale n'conco, citseko cinali citasweka mahinji. Mu 1973 osewela anapeza lamulo lakuti munthu amene wakhala zaka 10 m'ligi yaikulu, 5 zothela m'timu imodzi, angakane kusinthanitsidwa. Woyamba kuliseweletsa anali Ron Santo wa Chicago Cubs, kumapeto kwa caka comweco. Mu December 1975, woweluza mikangano ya anchito Peter Seitz anagamula pa nkhani ya Andy Messersmith na Dave McNally kuti wosewela amene watha caka osasaina pangano ni mfulu. Reserve clause inathela pamenepo, zaka 20 bola ya ku Europe isanalandile ufulu wofananako kupitila mu mlandu wa Jean-Marc Bosman mu 1995. Flood mwiniwake sanadyeko za ufuluwo. Anamwalila mu January 1997, ali na zaka 59.

Makhadi amene sanakhaleko

Mukaika makhadi a munthu mmodzi pa mzele, caka na caka, mumawelenga moyo wake: nkhope ikukhwima, jezi ikusintha. Koma mizele yambili ili na mipata. Reggie Jackson anapelekedwa na Oakland ku Baltimore Orioles mu April 1976, makhadi a caka cimeneco atasindikizidwa kale. Anasewela ku Baltimore caka cimeneco, ndipo Topps inakonza khadi lake la 1977 ali mu jezi ya Orioles. Lisanatuluke, Jackson anaseweletsa ufulu watsopano uja n'kusaina na Yankees. Khadi la Orioles linatsala pa mapepala oyesela ocepa cabe, ndipo limene ana anagula linali la cisote ca NY copaka penti. Kwa wosonkhanitsa makhadi a m'paketi, caka ca Jackson ku Baltimore cinangozimilila.

Topps yomwe inatsekapo mpata wotelo na khadi lopeka. Maury Wills ali wamng'ono, kampaniyo sinamusainitse poganiza kuti sadzafika patali. Mu 1962 iye anaba malo 104, n'kusankhidwa wosewela wopambana onse mu National League, ali wa Los Angeles Dodgers, koma analibe khadi la Topps. Loyamba linatuluka mu 1967, atasinthanitsidwa kale kupita ku Pittsburgh. Mu 1975, pofuna kuonetsa makhadi akale a opambana a caka ciliconse, Topps inapeka khadi la Wills m'maonekedwe a 1962 n'kulisindikiza monga kuti linalipo kale-kale. Anthu ambili analisakila kwa zaka osalipeza.

Makompyuta na mapulogilamu okonzela zithunzi atafika m'manyumba, okonda masewelawa anatenga nchitoyo m'manja mwawo. Amapanga khadi la Jackson wa Orioles. Amapanga makhadi a osewela amene anakhala m'timu milungu yocepa cabe, amene kampani sinawaone n'komwe. Amakonzanso makhadi a penti aja poikapo cithunzi ceni-ceni ca munthuyo mu jezi imene anavaladi. Makampani nawonso anaona kuti cikale cili na msika: kuyambila 2001 Topps imatulutsa makhadi ochedwa Heritage, a osewela a lelo m'maonekedwe a zaka zakumbuyo.

Mmene khadi lakale limapangidwila lelo

Nchito imayamba na deti. Wopanga afunika kudziwa tsiku limene munthu anasinthanitsidwa, cifukwa ndilo limauza caka cimene khadi likanatuluka, ndipo caka ciliconse cili na covala cake. Makhadi a 1956 ni ogona cam'mbali. Kuyambila 1957 kukula kwake kunakhazikika pa mainchi 2.5 m'lifupi na 3.5 m'litali, kukulilapo pang'ono kuposa khadi la ku banki. A 1962 ali na m'mphepete mooneka monga thabwa, a 1971 m'mphepete mwakuda mosacedwa kunyotsoka, a 1972 zilembo zotumphuka monga za pa cikwangwani ca dansi, a 1975 mitundu iwili yowala. Kuika cidindo ca TRADED pa khadi la 1965 kuli monga kujambula agogo pa ukwati wawo atagwila foni.

Cotsatila ni cithunzi, ndipo apa ndiye pamavuta. Cifunika kukhala ca caka coyenela, cifukwa wodziwa amaona msanga. Matimu anali kusintha mabatani, makolala na zilembo. Mu 1969 osewela anavala kacizindikilo pa mkono wa jezi kokumbukila zaka 100 za baseball yolipidwa, motelo cithunzi cokhala na kacizindikilo kameneko cimadziulula cokha caka cake. Ngakhale mipando na zikwangwani za bwalo kumbuyo kwa munthu zimauza mzinda na nyengo. Cithunzi ca munthu amene anakhala m'timu milungu itatu cingatenge miyezi kucipeza, ndipo kambili cimapezeka cakuda na coyela, cofunika kucipaka mitundu.

Ndiyeno pamabwela nchito yodabwitsa, yoipitsa cinthu mwadala. Cithunzi ca lelo n'coyela mopitilila. Makina akale anali kusindikiza na inki zinayi, yabuluu, yofiilila, yacikasu na yakuda, m'tumadontho tumene mungaone mukayandikiza diso, ndipo kambili inki imodzi inali kutsetseleka pang'ono n'kusiya kamthunzi m'mbali mwa nkhope. Wopanga amabwezela tumadontho tumeneto, amazilalitsa mitundu, ndipo amasakila zilembo zofanana ndendende na za caka cimeneco, pena kuzijambula cimodzi-cimodzi. Ena amafika potengela penti yokhota ija ya pa zisote, cifukwa kwa iwo khadi la m'ma 1970 lopanda colakwa silioneka loona.

Kumbuyo nakonso kuli malamulo ake. Katoni yake inali yotuwa, yosindikizidwa na inki imodzi kapena ziwili. Pamakhala nambala ya khadi, msinkhu na kulemela kwa wosewela, kumene anabadwila, mizele ya manambala, ndipo kambili kakatuni koseketsa. Manambala afunika kulekela pa caka capita. Khadi la 1977 silingadziwe za 1978, ndipo mau ake afunika kulembedwa monga na munthu amene sanaone zakutsogolo. Wolemba kumbuyo kwa khadi la Nolan Ryan la 1972 afunika kuiwala zonse zimene adziwa, n'kumuona monga mnyamata wa dzanja lamphamvu amene mpila wake sumvela.

Cothela ni kuona mtima. Pamene kakatoni kangagulidwe mamiliyoni, akuba sasowa, ndipo makhadi acinyengo alipo ambili. Opanga osamala amalemba kumbuyo caka ceni-ceni cimene apangila khadilo na cizindikilo cawo, kuti wina asadzaligulitse monga lakale. Amadziwanso kuti maonekedwe a khadi, cizindikilo ca timu na nkhope ya wosewela zili na eni ake. Ufulu wa munthu pa malonda a nkhope yake unachulidwa koyamba m'khoti ya ku America mu 1953, pa mlandu wa Haelan Laboratories na Topps, ndipo unali mlandu wa makhadi a cingamu omwewa.

Jezi imene munthu anakana

Pali khadi lina limene opanga amakonda kupeka: Jackie Robinson mu jezi ya New York Giants. Mu December 1956, pambuyo pa zaka 10 zopilila matukwano na ziopsezo ali mu jezi ya Brooklyn Dodgers, timuyo inamupeleka kwa adani ake a mumzinda womwewo. Robinson anali atavomela kale nchito ku kampani ya khofi ya Chock full o'Nuts, ndipo analengeza kuti waleka masewela. Kusinthanako kunafafanizidwa. Khadi lake lothela la nthawi yosewela ni la 1956, ndipo pa ilo ni wa Dodgers.

Apa wopanga khadi amakumana na funso limene pulogilamu ya pa kompyuta singamuyankhile. Kupanga khadi la Reggie Jackson wa Orioles ni kubweza caka cimene munthu anakhalamo, anatuluka thukuta, analandila malipilo. Kuveka Robinson jezi ya Giants, kapena Flood ya Phillies, ni kutsiliza na penti cimene eni matimu analephela kutsiliza na mapepala. Ena amati ni masewela cabe oganizila mmene zinthu zikanakhalila, ndipo palibe amene amapwetekedwa. Ena amaona kuti mpata umene uli pa mzele wa makhadi a anthu awiliwa anauika ni eni ake, mwadala, ndipo Flood anaulipilila na nchito yake yonse.

Kusinthana osewela kukali kucitika mu baseball caka ciliconse, ndipo ambili amasamukabe popanda kufunsidwa, kupatulapo amene afika zaka zija 10 kapena amene analembetsa m'pangano kuti sangacotsedwe asanavomele. Kuyambila 2016 Topps imagulitsa pa intaneti makhadi a zocitika za dzulo lomweli, motelo munthu akasinthanitsidwa, khadi lake mu jezi yatsopano limatuluka pasanathe masiku. Penti ija inalowa m'kompyuta ndipo siikhotanso, cakuti diso silingadziwe ngati munthu anavaladi cisoteco kapena anangomuveka. Ca Oscar Gamble cinali cabwino pa cinthu cimodzi: ngakhale mwana wa zaka 8 anali kuona kuti apa pagwila dzanja la munthu wina.